Chibayo cha agalu ndi mankhwala ochokera ku zomera: kodi mphamvu yooneka mu labotale imafika m'mapapo?

Galu akayamba kutsokomola, si zachilendo kuona mwini wake akumupatsa makapisozi otsala a munthu, kapena kumuwiritsira masamba ndi makungwa omwe banja limamwa likagwidwa ndi chifuwa. Njira ziwiri zonsezi zimakhudza umoyo wa anthu. Ena mwa mabakiteriya oyambitsa chibayo mwa agalu ndi a mitundu yomweyo yomwe imasautsa odwala m'zipatala, ndipo mankhwala owaphera ndi amodzimodzi. Popeza mankhwalawa akunka natha mphamvu, ofufuza ambiri atembenukira ku zomera. Zomera zambiri zimaphadi mabakiteriya mu labotale, koma kupha mabakiteriya m'mbale yoyesera n'kosiyana kwambiri ndi kuchiza mapapo a nyama yamoyo.

Chimatsokomoletsa galu n'chiyani?

Njira za mpweya za galu, monganso za munthu, zili ndi timaubweya ting'onoting'ono tomwe timakankhira mamina, fumbi ndi tizilombo kukhosi kuti zisatsikire m'mapapo. Matenda ambiri a chifuwa amayamba timaubweyati tikawonongeka. Kawirikawiri oyamba kuwononga ndi mavairasi monga parainfluenza, adenovirus ndi distemper. Distemper ndiye woopsa kwambiri: amagwira makamaka ana agalu osabaya katemera, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo amatha kufika ku ubongo.

Mavairasi akatsegula njira, mabakiteriya amalowerera. Wodziwika kwambiri ndi Bordetella bronchiseptica, wachibale wa bakiteriya woyambitsa chifuwa chokoka mtima mwa ana. Iyeyu amamatirira pa timaubweya tija n'kutiumitsa, ndipo amatha kudwalitsa galu ngakhale popanda vairasi. Amafala msanga pamene agalu ambiri akusungidwa m'khola limodzi.

Chibayo china chimabwera galu akatsamwa, masanzi kapena chakudya n'kulowa m'mapapo. Pamenepa m'mapapo mumapezeka mabakiteriya a m'kamwa ndi m'matumbo monga E. coli, Klebsiella, Pasteurella ndi Streptococcus. Kumwetsa galu wofooka madzi a zitsamba mokakamiza kungayambitse chibayo cha mtundu womwewu.

Galu wachifuwa wamba amatsokomola koma amadya ndi kusewera, ndipo nthawi zambiri amachira yekha pasanathe milungu iwiri. Wachibayo amatentha thupi kupitirira madigiri 39.2, amakana chakudya, amafooka, amatuluka mamina amafinya, ndipo amapuma kopitirira ka 30 pa mphindi ngakhale ali m'tulo. Palinso agalu otsokomola chifukwa cha matenda a mtima, nyongolotsi kapena chotupa. Amenewa maantibayotiki sangawathandize, ngakhalenso chitsamba chopha mabakiteriya.

Nkhaniyi ikuwakhudza bwanji anthu?

Choyamba, tizilombo tina timadutsa pakati pa galu ndi munthu. Bordetella bronchiseptica sadwalitsa anthu athanzi kawirikawiri, koma wapezekapo m'mapapo a anthu omwe chitetezo chawo chatsika, kuphatikizapo omwe ali ndi HIV. Galu naye amatha kutenga chifuwa chachikulu cha TB kwa mbuye wake, ngakhale izi sizichitikachitika. Choncho galu wotsokomola kwa nthawi yaitali ndi kuwonda, pakhomo pomwe pali munthu wotsokomolanso, ndi chifukwa chokwanira choti munthuyo akayezetse makhololo.

Chachiwiri, ndipo chachikulu, ndi vuto la mabakiteriya osamva mankhwala. Kafukufuku wosindikizidwa mu The Lancet m'chaka cha 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni pa dziko lonse anamwalira chifukwa cha mabakiteriya otere, ndipo matenda a m'mapapo ndiwo anatenga gawo lalikulu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza anaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti E. coli wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa ochepera 1 mwa 100 alionse mu 2003 kufika pa 30 mwa 100 alionse mu 2016. Klebsiella anachoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 alionse. Kafukufuku wina wa m'makomo a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, wotuluka mu 2023, anapeza mabakiteriya a mtunduwu m'chimbudzi cha anthu, m'ndowe za ziweto ndi m'madzi a m'mitsinje.

Galu akapatsidwa maantibayotiki osafunikira, kapena a mlingo wolakwika, mabakiteriya osalimba a m'matumbo mwake amafa, olimba n'kuchulukana. Olimbawo amatuluka ndi ndowe pabwalo lomwe ana amasewera.

Zomera zimayesedwa motani?

Maantibayotiki ambiri omwa ndi obaya sanachokere ku zomera. Penicillin anachokera ku nkhungu yomwe Alexander Fleming anaiona mu 1928, ndipo streptomycin ndi tetracycline anachokera ku mabakiteriya a m'dothi. Komabe zomera zimapanga makemikolo ambirimbiri odzitetezera ku tizilombo, ndipo n'chifukwa chake ofufuza sazitaya.

Kuyesa kumayamba ndi kuumitsa masamba, makungwa kapena mizu, kusinja, ndi kuviika ufawo m'madzi, mu ethanol kapena mu acetone. Madziwo akasefedwa ndi kuumitsidwa, pamatsala phala la makemikolo osakanikirana. Njira yodziwika yoyesera phalali inafotokozedwa mu 1998 ndi J.N. Eloff wa ku yunivesite ya Pretoria. Amatenga kambale ka timaenje 96, n'kuika phalalo m'timaenjemo mosungunula, mlingo ukuchepa ndi theka pa kadzenje kalikonse kotsatira. Kenako amathiramo mabakiteriya ndi mankhwala osintha mtundu. Momwe mabakiteriya akukula mumafiira. Mlingo wochepetsetsa womwe waletsa kufiira umatchedwa MIC.

Nambala ya MIC ndi yomwe wowerenga kafukufuku ayenera kuyang'ana poyamba. Maantibayotiki ambiri amaletsa mabakiteriya omva mankhwala pa microgram imodzi kapena kucheperapo pa mililita imodzi. Microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a miligiramu. Phala la zomera nthawi zambiri limafuna ma microgram mazana kapena masauzande. Mu 2005 akatswiri awiri a ku Spain, Ríos ndi Recio, analangiza kuti phala lionedwe lopatsa chidwi likagwira ntchito pa mlingo wochepera ma microgram 100 pa mililita, ndipo kemikolo yopatulidwa payokha, pa mlingo wochepera 10. Malipoti ambiri onena kuti nimu, chammwamba kapena chomera china “chapha mabakiteriya” amakhala oona, koma funso limakhala lakuti chawapha pa mlingo wanji.

Zopinga pakati pa mbale ndi mapapo

Chopinga choyamba ndi khungu la bakiteriya. Bordetella, E. coli, Klebsiella ndi Pasteurella onse ali m'gulu la Gram-negative, lomwe lili ndi khungu lachiwiri kunja komanso timapampu totulutsa mankhwala omwe alowa. Makemikolo ambiri a zomera amagwira bwino pa Staphylococcus aureus, yemwe alibe khungu lachiwirili, koma amafooka pa gulu la Gram-negative. Choncho zotsatira zabwino pa Staphylococcus sizitsimikiza kanthu pa Bordetella.

Chachiwiri ndi ulendo wa m'thupi. M'mbale, phala limakhudzana ndi mabakiteriya usiku wonse. M'thupi, mankhwala ayenera kupirira asidi wa m'mimba, kulowa m'magazi, kupulumuka m'chiwindi, kenako kudutsa kuchoka m'magazi kufika m'timadzi ta m'njira za mpweya, momwe Bordetella amakhala. Ma tannin, omwe amachititsa makungwa ambiri kukhala owawa ndi omanga m'kamwa, amaoneka amphamvu m'mbale chifukwa amamatirira ku mapuloteni. Akamwedwa amamatirira ku mapuloteni a chakudya, ndipo ochepa okha ndiwo amalowa m'magazi.

Chachitatu ndi poizoni. Adyo ndi chitsanzo chabwino. Mu 1944 Chester Cavallito ndi John Bailey anapatula kemikolo ya allicin mu adyo ndipo anaonetsa kuti imapha mabakiteriya a mitundu yambiri. Koma allicin sachedwa kuwonongeka akalowa m'thupi, ndipo adyo ndi anyezi zimaswa maselo ofiira a magazi a galu. Pakapita masiku angapo galu amayera nkhama, amafooka, ndipo mkodzo umada. Mafuta a mtengo wa tea tree wa ku Australia amaphanso mabakiteriya m'mbale, koma akapakidwa osasungunula pa khungu la galu amayambitsa kunjenjemera ndi kudzandira. Mafuta a bulugamu nawo ndi oopsa galu akawameza. Chomwe munthu amadya popanda vuto sichikhala chabwino kwa galu nthawi zonse, ndipo izi zili chomwechonso ndi mankhwala a m'sitolo monga ibuprofen, yemwe amawononga m'mimba ndi impso za galu.

Chachinayi ndi mlingo. Kuchuluka kwa kemikolo m'chomera kumasintha malinga ndi dothi, nyengo, msinkhu wa chomera ndi kaumitsidwe kake. Kapu imodzi ya madzi a makungwa lero singafanane mphamvu ndi kapu ya mwezi wamawa.

Pomwe pakuoneka chiyembekezo

Mu 2000, gulu la Frank Stermitz ndi Kim Lewis ku United States linafotokoza za zitsamba za mtundu wa Berberis. Zitsambazi zimapanga berberine, yemwe payekha ndi wofooka chifukwa Staphylococcus aureus amamutulutsa ndi pampu yotchedwa NorA. Ofufuzawa anapeza kuti zitsamba zomwezo zimapanganso kemikolo ina yomwe payokha siipha bakiteriya koma imatseka pampuyo, berberine n'kuunjikana m'kati mwa bakiteriya. Izi zinatsegula njira ina ya kafukufuku: kufunafuna m'zomera makemikolo obwezeretsa mphamvu ya maantibayotiki akale, m'malo mongofuna olowa m'malo mwake.

Chitsanzo china ndi Pelargonium sidoides, chomera cha ku South Africa ndi Lesotho chomwe asing'anga akhala akugwiritsa ntchito mizu yake. Mngelezi wina, Charles Henry Stevens, anamwa mankhwalawa mu 1897 ndipo atabwerera kwawo anayamba kuwagulitsa ngati mankhwala a TB. Palibe umboni wovomerezeka woti amachiza TB. Masiku ano mizuyi amapangira mankhwala a mlingo wodziwika omwe amagulitsidwa ku Germany ndi maiko ena pa chifuwa wamba. Mphamvu yake yopha mabakiteriya mwachindunji ndi yochepa, ndipo akatswiri a bungwe la Cochrane atasanthula mu 2013 kafukufuku wochitidwa pa anthu, anati angathe kuchepetsa zizindikiro koma umboni wake ndi wosalimba. Chomera choterechi chingathandize wodwala kupezako bwino popanda kukhala mankhwala a chibayo.

Phunziro lomveka bwino lili pa malungo. Artemisinin, yemwe amapangira mankhwala a LA, anachokera ku chitsamba cha Artemisia annua kudzera mu ntchito ya Tu Youyou ndi anzake ku China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Tu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Chitsambacho chinasanduka mankhwala odalirika kemikolo yake itapatulidwa, mlingo utadziwika, ndiponso itayesedwa pa nyama ndi pa anthu. Bungwe la WHO sililimbikitsa kumwa tiyi wa chitsambachi pochiza malungo, chifukwa mlingo wosakwanira suchiza ndipo ungathandize tizilombo kulimba.

Zoyenera kuchita pakali pano

Malangizo a 2017 a bungwe la akatswiri a matenda opatsirana a agalu ndi amphaka la ISCAID amati galu wotsokomola yemwe sakutentha thupi, akudya ndipo sanafooke, angathe kungoyang'aniridwa kwa masiku 10 popanda maantibayotiki. Ngati zizindikiro zikuloza ku mabakiteriya, mankhwala oyamba ndi doxycycline kwa masiku 7 mpaka 10, pa mlingo wolingana ndi kulemera kwa galuyo. Wachibayo chachikulu amafuna kujambulidwa pachifuwa, madzi a m'diripi, mpweya wa oxygen, ndipo ngati n'kotheka, kuyeza kuti mabakiteriya ake akumva mankhwala ati. Zonsezi ndi ntchito ya dokotala kapena mlangizi wa ziweto.

Kupewa kumachepetsa kufunika kwa mankhwala alionse. Katemera wa distemper ndi adenovirus amayamba galu ali ndi milungu 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa mpaka atakwanitsa milungu 16. Katemera wa chiwewe sateteza ku matenda amenewa. Galu wotsokomola apatulidwe kwa anzake, asamanyambite nkhope za ana kapena za anthu ofooka chitetezo, ndipo womusamala azisamba m'manja ndi sopo. Galu wotuluka dovu ndi kuoneka ngati watsamwa ndi fupa asapisidwe dzanja m'kamwa, chifukwa chiwewe chimaonekanso chomwecho.

Kwa ophunzira ndi ofufuza a zomera, kafukufuku amakhala waphindu akatsata zinthu zingapo. Dzina la chomera litsimikizidwe ndi akatswiri, monga a ku National Herbarium ku Zomba, ndipo chitsanzo chake chisungidwe. Mabakiteriya oyesera akhale omwe amayambitsadi matenda omwe akukambidwa, kuphatikizapo osamva mankhwala ochokera kwa odwala enieni. Lipoti litchule MIC poyerekeza ndi antibayotiki wodziwika, ndiponso mlingo womwe phalalo limayamba kuwononga maselo a nyama. Chomera chikapha mabakiteriya ndi maselo a thupi pa mlingo wofanana, sichiyenera kuyesedwa pa galu kapena pa munthu. Chomwe chapha mabakiteriya pa mlingo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wowononga maselo ndicho choyenera kupatulidwa makemikolo ake ndi kuyezedwa ngati amafikadi m'mapapo.