Phewa Likaguluka

Lero ndilankhula ndiri ku Livingstone. Pa mlato wa pa Zambezi, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, umene unatha kumangidwa mu 1905, pamadutsa anthu a njinga ndi akatundu olemera. Wina akagwa nagunda pansi ndi nsonga ya phewa, kawirikawiri imene iwonongeka ndi mfundo yaing'ono imene tikambe lero. Ngozi yomweyi imagwera wa mu mgodi akaterereka, ndiponso wa mpira.

Gwirani pansi pa khosi panu. Mupeza pfupa lopingasa. Litsateni ndi cala kufikira pamene lithera, pamwamba pa phewa. Pamenepo likumana ndi pfupa lina, ndipo mitsempha yolimba yawamanga pamodzi monga luzi limanga mbariro ku nsici. Mitsemphayo ikaduka, mkono umatsika ndi kulemera kwace, ndipo mutu wa pfupa umaonekera ngati cotupa. Musalole anzanu kuukoka mkonowo. Ngakhale pfupa libwerere, lidzatulukanso, popeza comangira caduka.

Mu 1984 dotolo wa ku America, Charles Rockwood, anagawa kuvulala kumeneku m'magulu 6. Gulu loyamba ndi laciwiri safuna mpeni: mkono ungokolowekedwa ndi nsaru m'khosi masiku owerengeka. Ambiri a gulu lacitatu aciranso comweco, cotupa cokha ndico citsala. Koma pa magulu atatu otsiriza pfupa lacoka kutali, lapyoza mnofu kapena laloŵa posayenera, ndipo opaleshoni ifunika.

Wodwala amgonetsa ndi mankhwala. Dotolo abwezera pfupa m'malo mwace naligwiriza ndi kacitsulo kokhala ndi ngowe, kamene amakacotsa patapita miyezi ingapo, kapena ndi cingwe colimba comangidwa pa mabatani awiri. Zimenezi zingogwira pfupa kuti mitsempha ilumikizane yokha, ndipo itero bwino ngati nchitoyi yacitika m'kati mwa milungu 3. Munthu akacedwa, mitsempha yace imafota, tsono dotolo ayenera kufuna mtsempha wina woloŵa m'malo. Njira imodzi yotere anailongosola Weaver ndi Dunn mu 1972. Amadulako nsonga ya pfupa nasamutsirapo mtsempha wapafupi.

Nchito yotsala ndi yanu. Mkono ukhala m'nsaru pafupifupi milungu 6, pambuyo pace muuphunzitsa pang'onopang'ono monga akuuzani ku cipatala. Kunyamula zolemera kudikira miyezi 3 kapena kuposa. Ndidziwa kuti ana afuna nsima ndipo lendi siyembekeza. Koma wofulumira kugwira fosholo angagulule zonse zimene dotolo anamanga, nataya miyezi yambiri kuposa.

Cifukwa cace, mukagwa ndipo phewa lasintha maonekedwe, pitani ku cipatala tsiku lomwelo akakuunikeni ndi X-ray. Kwa ife a nchito za manja, phewa ndilo munda wathu. Tsalani bwino.