Amayi a m'madimba a mpunga, chilonda chosapola si mauka

Kuyambira ku sikimu ya Bua mpaka ku Chia, amene amawokera ndi kupalira mpunga kawirikawiri ndi amayi. Tsiku lonse miyendo ili m'madzi, m'mene mumakhalanso nkhono zofalitsa likodzo.

Ambiri amadziwa likodzo ngati matenda okodza magazi basi. Koma kafukufuku amene anachitika ku Mangochi m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mwa amayi ambiri odwala likodzo, mazira ake amakhazikikanso kumalo obisika. Kumeneko amayambitsa kuyabwa, zilonda ndi tinthu totuluka ngati njerewere.

Vuto ndi lakuti khansa ya khungu la kunja kwa njira ya abambo imayambanso chimodzimodzi. Mayi amamva kuyabwa kosatha, khungu limasintha mtundu kapena kukhakhala, kenaka pamabwera chotupa kapena chilonda chomwe chimakana kupola. Ikakula, m'mphechepeche mumatuluka mwanabere. Khansayi siyofala ngati ya khomo la chiberekero, koma imakonda amayi achikulire ndi amene ali ndi kachirombo ka HIV.

Kumudzi zonsezi timangoti mauka. Mayi amapita kwa agogo odziwa zitsamba, iwo n'kudula ndi lezala. Ngati chinali likodzo, mazira aja atsala momwemo. Ngati inali khansa, yapatsidwa miyezi ina yoti ikule. Enanso amati ayambe akolola Kilombero wawo ndipo adzapita akagulitsa, ngati kuti matenda amadikira msika.

Ndi maso okha ngakhale namwino sangasiyanitse bwino ziwirizi. Likodzo limachizidwa ndi mapiritsi a praziquantel, koma chilonda chikapitirira mutamwa mankhwala, madokotala amadula kanyama kakang'ono n'kukakayeza. Khansa ikapezeka isanafalikire, opaleshoni imatha kuichotsa. Poyambira ndi pachipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, ndipo zikafunika amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pokayezetsa khomo la chiberekero, auzeni anamwino aonenso kunja. Musadikire kuti akufunseni.

Abambo, thumba limodzi la mpunga likagulitsidwa chifukwa cha thiransipoti ya mayi, silinatayike. Musathamangirenso kunena kuti wayenda ndi wina, pakuti likodzo amalitenga m'munda mwanu momwemo.

Kachirombo ka HPV kamayambitsa ina mwa khansa imeneyi. Boma linayamba kupereka katemera wake m'dziko lonse mu 2019, kuyambira ndi atsikana a zaka 9.