Kulemera kwa nyumba kumapita kuti?

Ife mainjiniya a zomangamanga timakhalira funso limodzi tsiku lonse: kulemeraku kukupita kuti? Malata amatsamira mapaso, mapaso amatsamira mitanda, mitanda imakhala pakhoma, khoma limapondereza maziko, ndipo maziko amatula zonsezo m'dothi. Pamene pafooka, mng'alu umayambira pomwepo.

Taonani pamwamba pa chitseko kapena zenera. Pamenepo khoma lilibe popondera, n'chifukwa chake timaikapo lintala. Tengani nzimbe, muisanjike pamiyala iŵiri n'kuiponda pakati. Imayamba kuthetheka kunsi, chifukwa kumtunda ikupanikizika pomwe kunsi ikukokeka. Konkire imapirira kwambiri kupanikizidwa, koma pokokedwa mphamvu yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndiye zitsulo zazikulu za mu lintala malo ake ndi kunsi. Komatu zisagone pathabwa lothirirapo konkire. Pasiyidwe mpata wa mamilimita 25 kuti konkire izikute bwino, apo ayi dzimbiri liloŵa, chitsulo chitupa, konkire n'kuyamba kugumuka. Kadenga ka konkire kongotuluka kukhoma kopanda mzati kali ndi khalidwe lina: iko kamakokeka kumtunda, ndipo zitsulo zimapita kumtunda. Mmisiri woloŵeza kuti "chitsulo pansi" angagwetsere munthu kadengako pamutu.

Zoterezi zimalembedwa pa pulani. Eni nyumba amathamangira tsamba loonetsa kumaso kwa nyumba, n'kumakangana za mazenera. Tsamba limene ine ndimafuna mmisiri aliŵerenge ndi lija loonetsa nyumba ngati yadulidwa pakati, poti m'menemo ndi momwe muli kuya kwa maziko, kukula kwa zitsulo ndi kamangidwe ka denga. Mukaona 1:100, ndiye kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi. Ngakhale zili choncho, tsatirani manambala olembedwa, musamapime pepala ndi rula, chifukwa fotokope imasintha kukula kwa chojambula.

Pa lintala ya nyumba wamba timasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iŵiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale. Aganyu amakonda kuthira madzi ambiri kuti fosholo ipepuke, koma konkire yamadzimadzi imatuluka yofooka. Ikauma pamwamba muziithirira kwa masiku 7, ndipo mphamvu imene timaŵerengera imakwana pa masiku 28. Osakanizawo avale gambuti ndi magolovesi, simenti yaiŵisi imawotcha khungu.

Kuno ku Phalombe nyumba imalimbana ndi zambiri. Mphepo imanyamula denga, choncho mitanda imangiriridwe ndi waya wokhuthala wozikika mu ring beam (konkire yozungulira pamwamba pa khoma), osati kungosanjika miyala pamalata. Kuchigwa cha ku Chilwa kuli makande, dothi lotupa dzinja n'kung'aluka chilimwe, ndipo maziko osaya amavina nalo limodzi. Zidina zomangira matope zikamwa madzi kunsi zimasungunuka, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Maziko okwera, a njerwa zootcha ndi simenti, komanso khonde lozungulira nyumba, zimathandiza kuposa penti wodula.

Koma pali kulemera kwina kumene sindingakuŵerengereni chitsulo chake. Napolo amene anatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 anapha anthu mazanamazana, ndipo Freddy anabweretsanso napolo ku Nkhulambe. Mwala waukulu ngati galimoto ukamagubuduka ndi matope, palibe ring beam imene ingauimitse. N'chifukwa chake ndisanagwire pensulo ndimayamba ndayenda papuloti. Ndikapeza zimiyala zobulungira zitamwazikana m'munda kutali ndi phiri, ndimafunsa akuluakulu a m'mudzimo kuti zinabwera liti. Akandiuza chaka, ndimamuuza mwini malo kuti tikafune pena pomanga, ngakhale njerwa zitaumbidwa kale.