Khoma Liyambe Lauma, Penti Pambuyo

Tikamayenda m'midzi ya kwa Msakambewa m'boma la Dowa mvula ikangotha, timaona nyumba zambiri zomvetsa chisoni. Nyumba imene chaka chatha inali mbee, lero penti yake yatutumuka ndipo ikukanganuka yokha. Mwini wake anagulitsa fodya, soya kapena mtedza kuti agule pentiyo, koma ndalama yonse yapita ndi dzinja limodzi. Ambiri timathamangira kunena kuti anatigulitsa penti yachinyengo. Nthawi zambiri vuto silikhala m'chitini, limakhala pakhoma.

Mdani wamkulu wa penti ndi chinyezi. Njerwa zootcha zimamwa madzi, ndipo kumapiri kuno mvula yamphepo imamenya khoma chammbali. Tikapaka penti pakhoma lonyowa, madziwo pofuna potulukira amakankha penti. Amatulutsanso mchere woyera uja timauona ngati ufa mmunsi mwa khoma.

N'chifukwa chake nyengo yopentera iyenera kusankhidwa. Ambiri timafuna nyumba iwale alendo a pa Idi asanafike, koma zaka zino Idi yomasula swaumu ikugwa mvula isanathe. Mu 2025 inagwa kumapeto kwa Marichi. Juni ndi Julaye nayenso ndi wa nkhungu ndi mame. Nthawi yabwino ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala. Ngati pulasitala ndi watsopano, tidikire masiku osachepera 28 kuti simenti ikhwime. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyembekezapo, tiyambe taona kumene madzi akuchokera. Kodi malata akudontha? Kodi denga latuluka mokwanira kuti liphimbe khoma? Kodi madzi a padenga akugwera patsinde n'kumathovukira kukhoma? Tikonze khonde, tikumbe ngalande yotaya madzi kutali, tichotsenso dothi limene launjikana patsinde, pakuti ndimo mumadzera chinyezi ndi chiswe.

Kenaka tipale penti yonse yofooka ndi bulashi ya waya. Mchere woyera uja tiupukute pouma, chifukwa tikauthira madzi umalowanso m'khoma. Pamene pamera ndere titsuke ndi Jik wosungunula m'madzi, titsukuluze, pauume. Ming'alu tiikuze pang'ono, tiinyowetse, n'kuimata ndi simenti yosakaniza ndi mchenga wosefa. Mng'alu umene ukukula chaka ndi chaka ndi nkhani ya maziko. Pamenepo tiitane mmisiri. Pomaliza tisisite khoma ndi chikhatho. Chikatuwa, ndiye kuti penti sigwira. Izi zimachitika kawirikawiri pakhoma limene kale linapakidwa laimu, ndipo laimuyo ayenera kupalidwa kaye.

Makolo tisamale popala penti yakale ya mafuta. Penti zina zotere zimakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana. Ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali, wopalayo atseke pamphuno, ndipo zopalidwazo zisesedwe nthawi yomweyo.

Tsopano tingatsegule chitini. Pakhoma lakunja tigule penti ya madzi yolembedwa kuti ndi yakunja, osati ya m'nyumba ngakhale ili yotsika mtengo. Pulasitala watsopano amafuna penti yoyambira imene amisiri amati pulaima. Tipake kawiri mopyapyala, kuyambira pamwamba kutsika mmunsi, ndipo ulendo woyamba uume tisanabwereze. Madzi tithire monga mmene palembedwera pachitini, osati kuchulukitsa kuti penti ikwanire. Titsate mthunzi, chifukwa dzuwa la Okotobala limaumitsa penti isanagwire.

Nanga amene khoma lawo ndi lomata ndi dothi? Asataye ndalama pa penti. Laimu ndiye woyenera, pakuti amalola khoma kutulutsa chinyezi, ndipo kubwereza chaka ndi chaka sikuboola m'thumba. Amayi athu amene amazira nyumba mvula ikatha anadziwa kale zimenezi. Tiyeni titengere iwo, kuti ndalama ya zokolola za chaka chino ikhale pakhoma zaka zingapo.