Adayamba adikira kwa agogo ku Aachen asanaoloke malire

M'chaka cha 1933, nyengo yotentha ya ku Ulaya itafika, mayi Edith Frank adatenga ana awo awiri aakazi, Margot wa zaka 7 ndi Anne wa zaka 4, nachoka mumzinda wa Frankfurt kupita ku Aachen kwa mayi awo owabala. Kumeneko kumatentha mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, miyezi yomwe anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano amakhala akuwotha moto. Wowaona panjira akadati ndi ulendo wa tchuthi, ana akukacheza kwa agogo. Koma nyumba yawo adali ataisiya kale, ndipo bambo wa anawo, a Otto Frank, adali atatsogola ku Amsterdam, m'dziko la Holland, kukafuna ntchito ndi pokhala.

Banjali lidali la Chiyuda. Pa 30 Januwale chaka chomwecho Adolf Hitler adakhala mtsogoleri wa boma la Germany, ndipo chipani chake cha Nazi sichinkabisa kuti Ayuda sichiwafuna. Mu Malichi meya wa Frankfurt, a Ludwig Landmann, adachotsedwa pampando. Pa 1 Epulo anyamata a chipani adaima pamakomo a masitolo a Ayuda kuletsa anthu kugulamo. A Otto Frank adamenya nawo nkhondo yaikulu yoyamba ku mbali ya Germany mpaka kukhala ofisala, koma zimenezo palibe adaziwerengera. Nayo banki yaing'ono ya banja lawo idali italowa pansi chiyambire mavuto a zachuma a 1929.

Aachen uli kumadzulo kwenikweni kwa Germany, pomwe malire a Germany, Belgium ndi Holland amakumana. Kuchoka pakati pa mzinda kukafika ku Vaals, tauni yoyamba ya Holland, ndi makilomita ochepa chabe. Ndi mzinda wakalekale. Aroma ankasamba m'akasupe ake a madzi otentha. Mfumu yaikulu Charlemagne idamanga likulu lake pomwepo ndipo idamwalira komweko m'chaka cha 814. Kuyambira 936 mpaka 1531, mafumu a Germany pafupifupi 30 adalongedwa ufumu m'tchalitchi chomwe mfumuyo idamanga. Mu 1978 bungwe la UNESCO lidachilemba m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse, momwe Ilha de Moçambique idalowanso mu 1991.

Kwa mayi Edith, Aachen kudali kwawo basi. Adabadwira komweko mu 1900, ndipo ukwati wawo ndi a Otto udachitikira m'sunagoge wa mumzindawo pa 12 Meyi 1925. Mayi awo, agogo Rosa Holländer, adali amasiye. Alongo awo awiri, a Julius ndi a Walter, ankayendetsa bizinesi ya banja yogula ndi kugulitsa zitsulo zakale ndi makina. Denga lidalipo, chakudya chidalipo, ndipo malire adali pafupi.

Anthu a m'maboma a m'malire safunika kuwafotokozera zambiri pamenepa. Pa nkhondo yomwe idatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ambiri a ku Angónia ataolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Amadziwa kuti banja silimaoloka nthawi zonse tsiku limodzi. Bambo amatsogola kukaona pofikira. Ana amasiyidwa kwa agogo kapena kwa amalume. Mayi ndiye amakhala pakati, mtima uli kuwiri. Kusiyana kwake nkwakuti a Frank adaoloka masana, mapepala ali m'manja, osati usiku kudzera m'minda ya chimanga.

Ku Amsterdam a Otto adatsegula kampani ya Opekta, yogulitsa ufa wolimbitsa jamu wa zipatso, mothandizidwa ndi alamu awo a Erich Elias a ku Basel. Mayi Edith ankapita ku Amsterdam kukafuna nyumba, nkubwereranso ku Aachen kwa ana. Nyengo yotentha idatha, masamba adayoyoka, anawo akadali kwa agogo. Potsiriza nyumba idapezeka pa Merwedeplein 37. Margot adakafika mu Disembala 1933. Anne, wamng'onoyo, adatsalira mpaka Febuluwale 1934, atakhala kwa agogo ake kopitirira theka la chaka.

M'zaka zotsatira anawo adaphunzira chilankhulo cha ku Holland msanga, pamene mayi awo chinkawavuta ndipo ankasowa kwawo. Ulendo wa ku Aachen sudali wautali, ndipo ankapitabe kukaona agogo. Koma mu Novembala 1938 a chipani cha Nazi adatentha masunagoge m'dziko lonse la Germany, ndipo uja adakwatiranamo a Otto ndi mayi Edith udapsa nawo. A Walter adamangidwa nkutumizidwa ku msasa wa Sachsenhausen. Atatulutsidwa, iwo ndi a Julius, aliyense pa nthawi yake, adakafika ku United States. Agogo Rosa, omwe adasunga anawo mu 1933, adasamukira kwa mwana wawo ku Amsterdam mu Malichi 1939, ndipo adamwalira komweko mu Januwale 1942.

Nkovuta kuwadzudzula a Otto posankha Holland. Dzikolo silidalowe nawo nkhondo yaikulu yoyamba, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti lidzasiyidwanso. Koma malire omwe mwana wa zaka 4 adaoloka mosavuta, asilikali nawonso adaoloka mosavuta. Pa 10 Meyi 1940 Ajeremani adalowa, ndipo m'masiku asanu Holland idagonja. A Otto adayesa kupeza chilolezo chopita ku United States mu 1938 ndi mu 1941, osatheka.

Pa 6 Julayi 1942 banjali lidakabisala m'zipinda za kuseri kwa ofesi ya a Otto pa Prinsengracht 263. Adakhalamo zaka ziwiri, mpaka apolisi adawapeza pa 4 Ogasiti 1944. Pa 3 Seputembala adakwezedwa sitima ya ku Auschwitz. Patangotha milungu isanu ndi iwiri, pa 21 Okutobala, asilikali a America adalanda Aachen, mzinda waukulu woyamba wa Germany kugwa m'manja mwawo. Mayi Edith adamwalira ku Auschwitz pa 6 Januwale 1945. Margot ndi Anne adamwalira ku msasa wa Bergen-Belsen kumayambiriro kwa chaka chomwecho. A Otto okha ndiwo adabwerako, ndipo mu 1947 adasindikizitsa buku lomwe Anne ankalemba tsiku ndi tsiku ali kobisala.

Aachen udamangidwanso nkhondo itatha. Tchalitchi cha Charlemagne chidapulumuka mabomba. Sunagoge watsopano adatsegulidwa mu 1995 pamalo pomwe padali wakale uja, ndipo sukulu ina ya sekondale mumzindamo imatchedwa dzina la Anne Frank.