Tsiku la mwana wokonda sitima mumzinda wa Blantyre

Alipo ana ena oti akangomva kulira kwa sitima, ngakhale nsima amaisiya. Ngati muli naye wotere, tsiku lopita naye ku Blantyre musalithere m'masitolo mokha.

Yambirani ku Chichiri, kunyumba yosungirako zinthu zamakedzana. Panja pake pali mitu ya sitima zakale zoyendera nthunzi. Zimenezi zinapuma kalekale, choncho mwana amatha kuziyandikira, kuwerenga mawilo ndi kufunsa mafunso mpaka inu kutopa. Mukhoza kumuuza kuti njanji yochokera ku Nsanje inafika ku Blantyre mu 1908, pomwe ya ku Nacala, yodzera ku Liwonde ndi Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970.

Mukatero kwerani minibasi ya ku Limbe, kuchimake kwa njanji m'dziko muno. Komatu sitima si minibasi, mutha kudikira tsiku lonse osaiona. Yambani mwafunsa kusiteshoni musanamulonjeze mwana.

Ku Limbeko mugwireni dzanja. Akuluakulu ambiri amayenda panjanji ngati njira ya kumunda, mwana n'kumayesa kuti nzabwino. Muuzeni kuti sitima yodzaza katundu siima msanga, ngakhale woyendetsa atamuona patali.