Kodi mumadziwa? Si kuiwala konse komwe kuli ADHD

Mayi wa ku Kanyama amene madzi a mvula alowa m'nyumba mwake, mwininyumba akufunanso lendi, akhoza kuiwala n'kupsereza ndiwo pa mbaula. Nkhawa zamuchulukira, koma mavuto akachepa, maganizo amakhazikikanso.

Vuto la ubongo lotchedwa ADHD silitero. Buku la madokotala la DSM-5, la 2013, limati zizindikiro zake, monga kutayataya zinthu, kusakhazikika ndi kusiyira ntchito panjira, zikhale zoti zinayamba munthu asanakwanitse zaka 12, zatha miyezi 6, ndipo zimaoneka m'malo osachepera awiri, monga kunyumba ndi kuntchito. Kwa wamkulu zizindikirozo zifike 5. Akuluakulu pafupifupi 2.5 peresenti ali ndi ADHD, ndipo n'zachisoni kuti ena anakula akunenedwa kuti ndi aulesi.

Ngati muli ndi zizindikirozi, yambirani kuchipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama. Akatswiri a matenda a maganizo amapezeka kuchipatala cha Chainama Hills.